Pepala la magazi a khanda: kodi likunena za mwana kapena za mayi?

Pa 9 July 2000, mnyamata wa zaka 11, Nkosi Johnson, anaima pamaso pa khwimbi la anthu mumzinda wa Durban potsegulira msonkhano waukulu wa dziko lonse wokambirana za Edzi. Iye anabadwa ndi kachilombo ka HIV, ndipo anapempha boma la South Africa kuti lizipereka mankhwala a AZT kwa amayi oyembekezera pofuna kuteteza ana awo. Nkosi anamwalira mu June 2001. Chaka chotsatira, bwalo lalikulu la milandu linalamula boma kuti lizipereka nevirapine m'zipatala zake.

Lero ana ambiri obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV amabadwa opanda kachilomboka. Komabe funso la mayi silinasinthe, kaya ali ku Umlazi kapena ku Mangochi: "Kodi mwana wanga ali nako?" Yankho limabwera papepala, ndipo pepalalo likhoza kusocheretsa munthu amene sanalimvetse.

Kuyeza kwachangu kumene tinakuzolowera, kobaya pachala, sikuona kachilombo kenikeniko. Kumaona ma antibody, zomwe ndi zida zimene thupi limasula likakumana ndi mdani. Kwa munthu wamkulu zidazi ndi umboni woti mdaniyo analowa. Kwa khanda si choncho. M'miyezi yomaliza ya pakati, mayi amapatsira mwana zida zake kudzera mumchombo. Ndi mphatso yabwino, chifukwa ndi yomwe imateteza khanda ku matenda monga chikuku lisanalandire katemera. Koma pakati pa zidazo pamakhalanso zolimbana ndi HIV. Choncho pafupifupi mwana aliyense wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo adzaonetsa mizere iwiri, ngakhale iye mwini alibe.

Zida zobwerekazi zimatha pang'onopang'ono. Mwa ana ambiri zimakhala zitatha pofika chaka chimodzi, koma mwa ena zimachedwa mpaka miyezi 18. Mwana asanafike msinkhu umenewu, mizere iwiri ikungonena kuti anabadwa kwa mayi amene ali ndi HIV, basi. Mlangizi amene angauze banja kuti mwana wa miyezi inayi ali ndi kachilombo potengera kuyeza kumeneku walakwa kwambiri, pakuti banja likataya mtima limaleka ngakhale kupita naye kusikelo.

Chimene chimadula mlandu ndi kuyeza kotchedwa PCR, komwe kumafufuza kachilombo kenikeniko. Namwino amabaya mwana pachidendene n'kutumiza timadontho ta magazi ku labotale. Ku South Africa, kuyambira mu 2015, kuyezaku kumachitika mwana akangobadwa. Kumabwerezedwa pa masabata 10 ndi pa miyezi 6, kenaka kuyeza kwachangu pa miyezi 18. Ku Malawi PCR imachitika pa masabata 6, ndipo kuyeza kwachangu pa miyezi 12 ndi 24. Amayi a ku Malawi amene amaberekera ku Durban n'kubwerera kumudzi asaiwale kabuku ka mwana ka kuchipatala. Popanda kabukuko, namwino wa kwawo sangadziwe chimene chinayezedwa kale.

PCR ikaonetsa kuti kachilombo kalipo, magazi amatengedwanso kuti atsimikize, koma mankhwala a ma ARV amayamba nthawi yomweyo. Palibe chodikira. Popanda mankhwala, theka la makanda amene ali ndi HIV amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Kafukufuku wa CHER, yemwe anachitikira ku Soweto ndi ku Cape Town, anapeza mu 2007 kuti kuyamba mankhwala msanga kunachepetsa imfa za makanda ndi 76 peresenti.

Nanga ikaonetsa kuti palibe? Kondwerani, koma nkhani sinathe. Malingana ngati mwana akuyamwa, mpata woti atenge kachilombo ulipobe, makamaka mayi akamadumphitsa mankhwala. Izi sizitanthauza kuti amuletse kuyamwa. Ku Durban komweko, mu 1999, Anna Coutsoudis ndi Hoosen Coovadia pamodzi ndi anzawo a pa yunivesite ya Natal anaonetsa kuti ana oyamwa mwakathithi ankatenga kachilombo mocheperapo kuyerekeza ndi ana amene ankapatsidwanso madzi, phala kapena mkaka wa m'chitini. Yankho lomaliza limabwera mwana akayezedwa patapita masabata angapo chisiyireni bere.

Patsala pepala la CD4, asilikali a m'thupi, ndipo ilinso lili ndi msampha wake. Munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi asilikali pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho koyezedwako. Khanda lathanzi limakhala ndi ochuluka kuposa pamenepo. Nambala ya 700, imene ingasangalatse bambo wa zaka 40, kwa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi ikusonyeza kuti chitetezo chagwa kwambiri. N'chifukwa chake madokotala a ana osakwana zaka zisanu amayang'ana peresenti, ndipo kwa khanda ikatsika pa 25 ndi chenjezo. Kale nambala zimenezi ndizo zinkalamula tsiku loyamba mankhwala. Masiku ano mwana aliyense wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV mosayang'ana CD4, ndipo chimene chimaonetsa ngati mankhwala akugwira ntchito ndi kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi.

Mayi akakubweretserani pepala kumudzi, musathamangire kuwerenga zotsatira. Funsani kaye kuti mwana ali ndi miyezi ingati, kuyezako kunali kwachangu kapena kwa PCR, ndipo akuyamwabe kapena analeka liti. Ngati limodzi mwa mayankho amenewa likusowa, mperekezeni kwa namwino.