Misewu ya mu ubongo ikakokoloka

Aliyense amene anakwerapo ngolo kuchokera m'midzi yozungulira Msundwe mwezi wa Febuluwale amadziwa zimene mvumbi umachita pamsewu wafumbi. Ng'ombe n'zamphamvu, katundu alipo, ogula akudikira pamsika, koma mateyala atitimira m'matope. Chapafupi pomwepo, pamsewu wa phula wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, maminibasi akungodutsa fyuu.

Ubongo nawo uli ndi midzi ndi misewu yake. Mbali yotuwa ya pamwamba ndiyo midzi, kumene maganizo amapangidwa. Pansi pake pali mbali yoyera, timitsempha tambirimbiri tonyamula uthenga kuchoka mudzi wina kupita wina. Timaoneka toyera chifukwa tinakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin. Mafutawo ndiye phula wake, amathandiza uthenga kuthamanga.

Nanga mvula? Mvula yake ndi cortisol, timadzi totuluka m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Timachuluka m'mamawa kuti munthu adzuke ndi mphamvu, ndipo galu akakuthamangitsani, timathandiza kupatsa miyendo shuga wothawira. Mvula yotere ndi yabwino, imagwa n'kukata. Vuto ndi pamene feteleza wakwera mtengo, wa katapila ali pakhomo, fodya wagulidwa motchipa ku Kanengo, maliro agwanso pabanja, tulo osabwera. Pamenepo ndi mvumbi wa miyezi, ndipo kafukufuku wa pa nyama wasonyeza kuti cortisol akachuluka nthawi yaitali, maselo opanga myelin amafooka pantchito yawo.

Apa m'pamene pakubwera matenda a bipolar. Mwina munamuonapo munthu wake: sabata yathunthu osagona, kulankhula osapumira, kugulitsa mbuzi zonse kuti ayambe bizinesi zitatu tsiku limodzi. Kenako miyezi ali chigonere m'nyumba, nsima osaikhudza, moni osayankha. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa. Mwa ambiri a iwo madokotala apeza cortisol wokwera, ndipo makina ojambula m'thupi a MRI aonetsa kuti mbali yoyera ija ndi yofooka, makamaka mlatho wolumikiza ubongo wa kumanja ndi wa kumanzere. Mbali ya kutsogolo, ija imauza munthu kuti "dekha, taganiza kaye," imatumiza uthenga, koma ngolo yake imafika mochedwa.

Si nkhawa yokha ayi. Matendawa amayendanso m'magazi a kubanja, monga mmene dothi lina limakokolokera msanga kuposa linzake pamvula imodzimodzi.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti munthu wotere timathamangira kumunena kuti walodzedwa kapena wasuta chamba, ena mpaka kumumanga ndi chingwe pamtengo. Kumunyoza ndi kumumanga kumangowonjezera mvula pamsewu wokokoloka kale. Chonsecho mankhwala alipo. Lithium anayamba kugwiritsidwa ntchito pa matendawa mu 1949 ndi dokotala wa ku Australia, John Cade, ndipo alipo enanso monga valproate.

Inu achibale, mukaona m'bale wanu watha masiku atatu osagona koma osatopa, musadikire kuti ziweto zithe m'khola. Pitani naye kuchipatala chapafupi kuti akamutumize kwa madokotala a matenda a maganizo, monga ku St John of God ku Lilongwe. Akabwerako, muonetsetse kuti akugona nthawi yake ndipo sakusiya mankhwala ngakhale atanena kuti wachira.