Tsiku lomwe ndinalandidwa driver: fizikisi ya pabwalo la gofu

Mukamva driver musaganize za dalaivala wa minibasi ya ku Area 25 ayi. Pa gofu, driver ndi ndodo yaitali kuposa zonse zomenyera mpira kutali, ya mutu waukulu ngati papaya. Ndi imene ambiri amayambira nayo pa tee, kamtengo kakang'ono kaja kamene amakhazikapo mpira poyamba dzenje lililonse.

Loweruka lina mu Okutobala, mnzanga amene ndinaphunzira naye ku koleji ananditenga ku Lilongwe Golf Club, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ulendo wapansi chabe kuchokera ku Area 4. Bwaloli lili ndi maenje 18. Ine ndinapita ndi matama a mphunzitsi wa fizikisi: ndodo yaitali, liwiro lalikulu, mpira kutali, basi. Pofika dzenje lachisanu ndinali nditataya mipira inayi ya mwini wake, ina m'mitengo, ina m'maudzu. Bambo amene ankatinyamulira ndodo, munthu wa imvi za apo ndi apo, anatenga driver ija n'kuibweza m'chikwama.

"Aphunzitsi, iyi ipume kaye. Tengani iyi," anatero akundipatsa 5-iron.

"Koma bambo, imeneyi sifika patali."

"Nanga inayo ikufika kuti?"

Sindinayankhe. Kuchokera pamenepo sindinatayenso mpira. Madzulo ake ndinakhala pansi ndi cholembera kuti ndimvetse chimene bambowa anachidziwa popanda kope.

Tiyambe ndi pomwe ndinkalondola. Ndodo ya gofu imayenda mozungulira, ndipo mukukumbukira kuti v = ωr. Driver imatalika pafupifupi masentimita 114, pomwe 7-iron ndi masentimita 94 kapena kuyandikira apo. Mukazungulitsa ziwirizi mofanana, mutu wa yaitaliyo uyenda mwachangu kwambiri. Mpira wa gofu ndi wopepuka, malamulo salola kuti upose magalamu 45.93, ndiye ukakumana ndi mutu wothamangawo umachoka ngati mwala wa pa legeni. Mpaka apa driver yapambana.

Vuto loyamba ndi la masamu a Fomu 3. Tinene kuti pomenya mwaphonya njira ndi madigiri 5 okha, ngodya yaing'ono yoti diso silingaione bwino. Mpira upatuka ndi mtunda umene wayenda kuchulukitsa ndi tan 5°, yomwe ndi 0.0875. Ukayenda mamita 150, wapatuka ndi mamita 13. Ukayenda mamita 220, wapatuka ndi mamita 19. Ngati msewu wa udzu wometedwa bwino uja ndi wotambalala mamita 30, ndiye kuti kuchokera pakati muli ndi mamita 15 mbali iliyonse. Kulakwitsa n'kumodzimodzi, koma mpira woyamba uli pabwino, wachiwiri uli m'tchire. Mtunda umakulitsa cholakwa.

Vuto lachiwiri ndi lokoma kwambiri. Nkhope ya ndodo iliyonse ndi yopendekera kumbuyo. Ya driver imapendekera pang'ono, madigiri 9 mpaka 12, pomwe ya 7-iron imadutsa 30. Kupendekeraku kumachititsa mpira kuzungulira chambuyo uli m'malere. Mpira wozungulira umakoka mpweya n'kuukankhira mbali imodzi, ndipo mpweyawo umabwezera poukankhira mpirawo mbali inayo, monga mwa lamulo lachitatu la Newton. Zimenezi zimatchedwa Magnus effect, potengera dzina la Heinrich Gustav Magnus wa ku Germany amene anazifotokoza mu 1852. Mwaziwonapo pa mpira wamiyendo: frikiki yokhota ija yopita kumbali kwa khoma n'kubwerera mu golo.

Mpira wa gofu ukamazungulira chambuyo ndendende, mphamvuyi imaunyamulira m'mwamba. Koma nkhope ya ndodo ikayang'ana kumbali pang'ono poyerekeza ndi komwe ndodoyo ikulowera, kuzungulirako kumapendekeka, ndipo gawo la mphamvu ija limaukokera mpira kumanja kapena kumanzere. Tiwerengere mwachidule ngati mavekita awiri. Nkhope yaphonya ndi madigiri 3. Pa driver, 3 kugawa ndi 12 ndi 0.25, kupendekeka kwa madigiri pafupifupi 14. Pa ndodo ya madigiri 30, 3 kugawa ndi 30 ndi 0.1, madigiri pafupifupi 6 okha. Dzanja lomwelo, kulakwitsa komweko, koma driver ikukhotetsa mpira moposa kawiri, komanso pa mtunda wautali. N'chifukwa chake mipira yanga inkanyamuka bwinobwino, kenaka n'kukhotera kumanja ngati yaitanidwa.

Ndiye onjezani malamulo. Mpira ukasowa mumapatsidwa mphindi 3 zokha zoufunafuna. Mukapanda kuupeza, mumalipira chilango cha kumenya kumodzi n'kubwerera pomwe munamenyera. Pa gofu wopambana ndi amene wamenya kochepa. Taonani dzenje la mamita 330. Ndi iron ndingamenye 150, kenaka 150, kenaka 30: katatu ndafika. Ndi driver, zikayenda ndifika kawiri. Zikavuta, ndikumenya kachitatu ndidakali pa tee, mamita 330 onse ali patsogolo panga. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Mwina mukuti izi n'za ophunzira ngati ine. Mu Julaye 2006, Tiger Woods anapambana mpikisano wa Open Championship pa bwalo la Royal Liverpool ku Hoylake, England. Pa maenje 72 a masiku anayi, driver anaigwiritsa ntchito kamodzi kokha. Chaka chimenecho kunatentha, nthaka inauma gwa, ndipo mpira unkagubuduka mtunda wautali ukatera. Iye anasankha kumenya ndi ma iron kuti mpira uziima usanafike pa maenje a mchenga, ndipo anapambana Chris DiMarco ndi kumenya kuwiri.

Nthaka youmayo ndi nkhani ya friction, ndipo kwathu kuno timaidziwa. Mu Okutobala pansi pamakhala polimba, mpira umadumpha n'kugubuduka, iron n'kukupatsani mamita ena aulere. Mu Febuluwale, udzu uli wonyowa, umangoti phwa pomwe watera. Palinso mphatso ina: Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopyapyala poyerekeza ndi wa ku Beira, choncho umaletsa mpira pang'ono, ndipo umenyedwe womwewo umafika patali.

Musandimve molakwa, driver si mdani. Akatswiri ambiri amaigwiritsa ntchito nthawi zambiri, chifukwa ngodya yawo yophonya ndi yaing'ono, ndipo kuyandikira dzenje kumapindulitsa. Funso si lakuti ndodo yamphamvu ndi iti. Funso ndi lakuti: cholakwa changa n'chachikulu bwanji, nanga malo amene ndikulunjika angachilandire?

Yesani nokha kusukulu, gofu safunika. Jambulani mizere iwiri pansi, yotalikirana mamita 2, ngati kamsewu. Menyani mpira wamiyendo kakhumi kuti uime pa mamita 10, kenaka kakhumi kuti uime pa mamita 25. Lembani kuti yakhala m'kati ndi ingati. Pa kumenya kulikonse yezani kupatuka, mugawe ndi mtunda, mupeze ngodya yanu pa kakyuleta. Amene ngodya yake ituluke yochepera madigiri 3, abwere nayo Lolemba tidzaione tonse pa bolodi.

Za bambo aja: pa dzenje lomaliza ndinawapempha driver kuti ndiyesenso kamodzi. Anayang'ana m'thumba la mipira, n'kundiyang'ana ine.

"Yatsala iwiri, aphunzitsi. Ndipo si yanu."

Ndinamenya ndi 5-iron.