Kuchepetsa liwiro la mota popanda kumaliza batire

Magetsi akazima m'nyengo yotentha, mabanja ena m'matauni amadalira fani yaing'ono yolumikizidwa ku batire ya sola ya 12V. Nkhani imavuta usiku, pomwe munthu amafuna kuti faniyo izizungulira pang'onopang'ono, batire ifike m'mawa. Akatswiri a zamagetsi amathana ndi vutoli pogwiritsa ntchito njira yotchedwa pulse width modulation, mwachidule PWM.

Njira yachikale ndi kuika resistor pakati pa batire ndi mota. Liwiro limatsikadi, koma mphamvu yotchingidwayo siisungika: imasanduka kutentha. Mwachitsanzo, ngati mota ikukoka 1A ndipo resistor yatsitsa magetsi kuchoka pa 12V kufika pa 6V, theka la mphamvu yotuluka m'batire limangothera kutenthetsa resistor.

PWM siitchinga magetsi koma imawayatsa ndi kuwazimitsa kambirimbiri pa sekondi imodzi. Mota siima chifukwa kuzimako ndi kwakanthawi kochepa zedi. Zili ngati wakabaza pamsewu wosalala: akapalasa pang'ono n'kusiya, njinga imayendabe, ndipo liwiro lake limadalira kutalika kwa nthawi yomwe akupalasa poyerekeza ndi yomwe akupuma.

Gawo la nthawi yomwe magetsi ali oyaka limatchedwa duty cycle. Pa batire ya 12V, magetsi akamayaka theka la nthawi, mota imayenda ngati ikulandira 6V. Akamayaka magawo 75 pa 100 alionse imayenda ngati ikulandira 9V, pomwe pa magawo 25 zimakhala ngati 3V. Mphamvu yotayika imachepa chifukwa swichi yake imakhala yotsegula kotheratu kapena yotseka kotheratu.

Dzanja la munthu silingathamange chotero, choncho ntchitoyi imagwiridwa ndi transistor, makamaka ya mtundu wa MOSFET. Imalamulidwa ndi kachipangizo monga 555 timer, komwe Hans Camenzind adakonza ndipo kampani ya Signetics idayamba kugulitsa mu 1972. Ophunzira ambiri amagwiritsa ntchito Arduino Uno, yomwe pa mapini ake ambiri a PWM imayatsa ndi kuzimitsa pafupifupi ka 490 pa sekondi. Nambala 0 imaimitsa mota, 255 imaithamangitsa kotheratu.

Pali zoyenera kusamala. Mota isalumikizidwe mwachindunji ku pini ya Arduino chifukwa piniyo siyenera kutulutsa zoposa 40mA, ndipo ikhoza kupsa. Pafunikanso diode yolumikizidwa ku mawaya awiri a mota. Magetsi akadulidwa mwadzidzidzi, koyilo ya m'kati mwa mota imabweza mphamvu yaikulu yomwe ingaononge transistor, ndipo diode ndiyo imaipatsa njira ina yodzera.

Mota ina imalira ikamayendetsedwa motere. Kukweza kuyatsa ndi kuzimitsa kufika ka 20,000 pa sekondi kumathetsa phokosolo chifukwa khutu la munthu silimva kulira kopitirira pamenepo.

Zilembo za PWM zimapezekanso pa ma charge controller a sola ogulitsidwa m'sitolo, koma ntchito yawo ndi kuyang'anira kutchajidwa kwa batire, osati liwiro la mota. Pogula chowongolera liwiro, onetsetsani kuti ma ampere olembedwapo akuposa omwe mota yanu imakoka. Musachilumikize ku fani yodalira magetsi a pakhoma a 230V, chifukwa chidapangidwira mota ya batire basi.