Kodi kompyuta imadziwa bwanji zomwe zikuchitika m'fakitale?

Anzanga, mukafika kunyumba lero mutenge botolo la mafuta ophikira kapena paketi ya bisiketi, muyang'ane pomwe palembedwa tsiku lothera ntchito. Pambali pake nthawi zambiri pamakhala timanambala ndi timalemba tina tooneka ngati topanda pake. Ambirife sitilabadako. Komatu nambala imeneyo ndi dzina la gulu la katundu yemwe anapangidwira limodzi, ndipo m'fakitale yoyendetsedwa bwino ikhoza kuulula tsiku lomwe botololo linadzazidwa, makina omwe analidzaza, shifiti yomwe inali pantchito, ngakhale komwe kunachokera soya kapena mpendadzuwa wake.

Amasunga zonsezi ndani? Kale anali akalaliki ndi akapitawo, ndi mabuku awo akuluakulu. Masiku ano mafakitale ambiri padziko amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yomwe pa Chingerezi amaitchula Manufacturing Execution System, mwachidule MES. Pulogalamuyi sidzaza botolo, sisoka malaya, simanga boti. Ntchito yake ndi kuona, kulemba ndi kuwerengera chilichonse chochitika pomwe pali makinapo, nthawi yomwe chikuchitikayo.

Maso ndi makutu ake

Kompyuta ilibe maso, ndiye imamva nkhani kudzera njira zitatu. Yoyamba ndi masensa, tizipangizo tomangiriridwa pamakina. Kena kamawerenga mabotolo akamadutsa pa lamba, kena kamayeza kutentha, kena kamadziwa ngati injini ikuzungulira kapena yaima. Yachiwiri ndi timizeremizere ta barcode ndi QR code tomatidwa pamatumba, pamakatoni ndi pazitupa za antchito. Thumba likamalowa, alisikana. Katoni ikamatuluka, aisikananso. Yachitatu ndi munthu. Makina akaima, woyendetsa amadina pa sikirini n'kusankha chifukwa chake: magetsi athima, lamba waduka, zotsekera zatha, kapena tikutsuka.

Zonsezi zimakathera pamalo amodzi. Bwana safunikanso kudikira lipoti la mawa m'mawa kuti adziwe kuti makina achitatu aima kwa ola lathunthu. Amaona pompopompo.

Nzeruyi inayamba kompyuta zisanafale

Mbiri yake ikutitengera ku Japan. M'chaka cha 1924 Sakichi Toyoda anamaliza kupanga makina owombera nsalu omwe ankaima okha ulusi ukangoduka. Ubwino wake unali woti makinawo sankapitiriza kuwomba nsalu yolakwika, komanso munthu mmodzi ankatha kuyang'anira makina ambiri. Mwana wake, Kiichiro Toyoda, ndiye anayambitsa kampani ya magalimoto ya Toyota mu 1937.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, injiniya wina wa kampaniyi, Taiichi Ohno, anakhazikitsa njira ya timakadi totchedwa kanban. Bokosi la zipangizo likatha, kadi yake imabwerera kwa opanga zipangizozo, ndipo kadiyo ndiyo chilolezo choti apange zina. Popanda kadi sapanga. Motero katundu saunjikana pachabe. Panalinso andon: wantchito akaona vuto amakoka chingwe, nyale n'kuyaka pabolodi lomwe aliyense akuliona, kapitawo n'kuthamangira pomwepo. Vutolo likapanda kutha msanga, mzere wonse umaima.

QR code yomwe timaiona pamaposita ndi m'mafoniyi inabadwiranso komweko. Kampani ya Denso, yopanga zipangizo za magalimoto, inkavutika chifukwa barcode imasunga zilembo pafupifupi 20 zokha, moti bokosi limodzi linkafuna ma barcode angapo. Mu 1994 gulu lotsogozedwa ndi Masahiro Hara linatulutsa QR code, yomwe imatha kusunga manambala oposa 7,000. Pulogalamu ya MES ndi kadi ija, nyale ija ndi buku la kalaliki lija, zonse zitalowa m'kompyuta.

Tiyeni tichiteko masamu

Musathawe, ndi masamu a Fomu 1 awa. Funso lalikulu m'fakitale ndi ili: pa zonse zomwe makina akanatha kupanga, apanga zingati zabwino? Muyeso wake umatchedwa OEE, ndipo anaufalitsa ndi katswiri wa ku Japan, Seiichi Nakajima. Umachokera pa mafunso atatu.

Tiyerekeze fakitale ya juwisi. Makina ake amayenera kuyenda mphindi 400 pa shifiti, ndipo akakhala bwinobwino amadzaza mabotolo 100 pa mphindi. Ndiye kuti pa shifiti payenera kutuluka mabotolo 40,000.

Funso loyamba: anayenda nthawi yaitali bwanji? Tinene kuti anaima mphindi 100, chifukwa cha magetsi ndi lamba woduka. Anayenda mphindi 300 mwa 400, omwe ndi 75 peresenti.

Funso lachiwiri: pomwe ankayendapo, ankathamanga bwanji? M'mphindi 300 akanadzaza mabotolo 30,000, koma anadzaza 24,000. Ameneyo ndi 80 peresenti.

Funso lachitatu: mwa omwe anadzazidwawo, abwino ndi angati? Mabotolo 1,200 anali osadzaza kapena otsekedwa mokhota, ndiye abwino ndi 22,800. Ameneyo ndi 95 peresenti.

Tsono chulukitsani: 0.75 × 0.80 × 0.95 = 0.57. Fakitale ija yagwiritsa ntchito 57 peresenti yokha ya mphamvu zake. Mabotolo 17,200 asowa, chonsecho aliyense waweruka ali thukuta kamukamu, akuti lero ndiye tagwira ntchito.

Taonani bwino funso lachiwiri lija. Mabotolo 6,000 anatayika makina ali kuyenda. Anapita kuti? Botolo lagwa, aimitsa masekondi 20. Pepala lakodwa, masekondi 40. Palibe kapitawo angalembe timavuto totere m'buku, koma sensa imalemba kalikonse. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Apa ndi pomwe kompyuta imamuposa munthu: siiwala, sitopa, sichita manyazi.

Manambalawa amathandizanso posankha pogwiritsa ntchito ndalama. Ngati mwa mphindi 100 zija 70 ndi za kuthima kwa magetsi, nkhani ndi jenereta kapena sola. Ngati 70 ndi za lamba, nkhani ndi makaniko ndi masipeya. Popanda kulemba, pamsonkhano amapambana ndi wolongolola.

Pomwe pathina ndi pati?

Ganizirani kuchigayo komwe kuli chokonolera ndi chogayira. Chokonolera chikamatulutsa matumba 10 pa ola pomwe chogayira chimangotha 6, ufa wotuluka ndi matumba 6 basi. Mwini chigayo atagula chokonolera china champhamvu, wangotaya ndalama. Mphale idzangounjikana, mzere wa amayi osafupika.

M'fakitale n'chimodzimodzi, kungoti makina amakhala ambirimbiri ndipo pothina sipaoneka ndi maso. Eliyahu Goldratt wa ku Israel anafotokoza mfundoyi m'buku lake la The Goal la mu 1984: liwiro la fakitale yonse ndi liwiro la malo ake ochedwetsetsa. Pulogalamu ija imaonetsa pomwe katundu akudikira nthawi yaitali, ndipo imathandiza kukonza ndandanda ya ntchito. Mwachitsanzo, ngati posintha kuchoka ku juwisi wa malalanje kupita ku wa mango pamafunika kutsuka mapaipi kwa mphindi 45, ndi bwino kuphatikiza maoda onse a malalanje kaye kusiyana n'kumasinthasintha kanayi patsiku.

Pamene nambala ija ikhudza moyo

Nkhaniyi si ya phindu lokha ayi. Kuyambira mu 2017 mpaka 2018, ku South Africa kunabuka matenda a listeriosis. Anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda. Mu Malichi 2018 boma la dzikolo linalengeza kuti gwero lake linali poloni wopangidwa pafakitale ina ya mumzinda wa Polokwane. Katunduyo anachotsedwa m'masitolo, ndipo maiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi, analetsa nyama zoterezi zochokera kumeneko.

Omwe anapeza kachiromboko ndi akatswiri a mulabotale, osati pulogalamu ya fakitale. Koma gwero likadziwika, mafunso otsatira amakhala a kaundula: chinapangidwa liti, pamakina ati, ndipo chinatumizidwa kusitolo ziti? Fakitale yomwe inalemba zonse imayankha msanga n'kuitanitsa katundu woyenera asanadyedwe. Yomwe sinalembe imangoti bwezani zonse, ndipo masiku omwe ikufufuza m'mafailo anthu amakhala akudyabe.

Bodza likalowa, bodza limatuluka

Musaganize kuti kugula pulogalamu ndiye kuti mavuto atha. Kompyuta imakhulupirira zomwe yauzidwa. Woyendetsa makina akadina kuti "magetsi" pomwe vuto linali lamba yemwe sanamangidwe bwino, lipoti lidzatuluka lokongola koma lonama, ndipo kampani idzagula jenereta lamba akudukabe.

Nanga munthu anganamirenji? Mantha. Ngati bwana agwiritsa ntchito manambalawa posaka woti amudule malipiro, aliyense amabisa. Pulogalamu yomweyi, yomwe ingathandize kupeza vuto la makina, ingasandukenso mlonda wowerenga mphindi zomwe munthu wakhala kuchimbudzi. Chingwe cha andon chija chimagwira ntchito pokhapokha wochikoka akudziwa kuti kubwera thandizo, osati kalata yomuchotsa ntchito. Kusiyana kwake sikuli m'kompyuta, kuli mwa anthu oyendetsa fakitale.

Palinso mtengo. Masensa, mawaya, makompyuta ndi kuphunzitsa anthu zimadya ndalama zambiri, ndipo zimafuna magetsi odalirika. N'chifukwa chake kafakitale kakang'ono kangayambe ndi bolodi, choko ndi wotchi, kenako Excel. Mafunso atatu aja sasintha.

Ife zikutikhudza bwanji?

Ena mwa ife tikamaliza MSCE tidzakafuna ntchito ku Kanengo ku Lilongwe, ku Makata ku Blantyre, kumafakitale a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, kapena a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ena tidzapita kumakoleji a ntchito zamanja, ena tidzatsegula zathu: kuyenga mafuta, kuphika buledi, kusoka mayunifolomu.

Tinene zoona, ntchito ya kalaliki wongokopera manambala kuchoka papepala kupita m'buku ikuchepa kulikonse komwe mapulogalamuwa afika. Koma pakufunika munthu wotha kuwerenga girafu n'kunena kuti vuto lili apa, wotha kukonza sensa ikafa, wotha kufunsa kuti bwanji shifiti ya usiku imataya mabotolo ambiri kuposa ya masana. Mwina sukulu yathu ilibe makompyuta okwanira, koma maperesenti, magirafu ndi avereji tili nazo kale m'kalasi, ndipo ndi zomwezo zili kuseri kwa sikirini ya bwanayo.

Kodi mukufuna kudziyesa? Nali funso. Makina osokera matumba amayenera kuyenda mphindi 480, koma anaima mphindi 120. Amatha kusoka matumba 10 pa mphindi, koma pa shifiti yonse anasoka 2,700, ndipo 270 mwa amenewa anali obooka. OEE yake ndi yotani, nanga mwa mavuto atatuwo, inu mukanakhala bwana mukanayamba ndi liti? Kambiranani pa buleki, ndipo amene wapeza yankho akaonetse aphunzitsi a masamu asanayambe kudzitama.