Akatswiri a M'selo ndi Chilembo Chimodzi Chozunza Ana ku Neno

Pa majini (zigawo za DNA zonyamula malangizo a chibadwa) a munthu, la DMD lili m'gulu la ataliatali kwambiri. Lili ndi zilembo za DNA zoposa 2 miliyoni, ndipo selo limatha maola pafupifupi 16 kuti lilikopere kamodzi kokha. Chodabwitsa n'chakuti uthenga womwe umatuluka, wotchedwa mRNA, umangotsala ndi zilembo pafupifupi 14,000. Zina zonsezo zimadulidwa n'kutayidwa, monga momwe mayi amapetera gaga palichero.

Pa kuchuluka kwa zidutswa zotsala zoti zilumikizidwe, mpando ndi wa TTN. Lili ndi zidutswa 363, ndipo puloteni yake, titin, yomwe imapezeka m'minofu, ndiyo yaikulu kuposa ina iliyonse m'thupi.

Kudula ndi kulumikiza kochuluka chonchi kumafuna mlonda. Kwa ine, katswiri weniweni ndi UPF1. Puloteni ya jini limeneli imaunika uthenga, ndipo ikapeza chizindikiro choimitsa ntchito chili pamalo olakwika, uthengawo umaphwanyidwa usanabale puloteni yoduka. Jinili n'lofunika kwambiri moti mbewa zopanda jini limeneli zimafera m'mimba. Wasayansi Lynne Maquat anasonyeza za ulondawu mwa anthu mu 1981, pofufuza matenda a magazi a beta-thalassemia.

Jini lomwe ankafufuzalo, HBB, ndi lalifupi zedi: zilembo pafupifupi 1,600, zidutswa zitatu basi. Koma apa m'pamene pali vuto laling'ono kuposa onse lokhala ndi ululu waukulu. Chilembo chimodzi chokha, A, chikasanduka T, mwana amene watengera kusinthaku kwa mayi ndi bambo omwe amabadwa ndi matenda a sickle cell. Mlonda uja saligwira vutoli chifukwa uthengawo umawerengeka bwinobwino mpaka kumapeto. Puloteni imapangidwa yathunthu, koma imapinda maselo ofiira a magazi, n'kutseka timitsempha.

Ku Neno nkhaniyi si ya m'mabuku. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali kuyambira 2007, ndipo chipatala cha boma cha Neno ndi cha Lisungwi zinakhala zoyamba m'Malawi kutsegula makiliniki a PEN-Plus. Kumeneko ana a sickle cell amathandizidwa pafupi ndi kwawo, pamodzi ndi odwala shuga ndi mtima.

Makolo, mwana akamatupa manja ndi mapazi, akamalira ndi ululu wa m'mafupa, maso akachita chikasu kapena magazi akamamuthera pafupipafupi, musathamangire kuloza mfiti. Pitani naye ku Neno kapena ku Lisungwi akamuyeze magazi.