Avetenale a agalu ndi amphaka: ntchito amaikonda, chowatopetsa ndi mtengo

Loweruka lomaliza la Epulo chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira madokotala a ziweto padziko lonse. Kuno munthu akamva za avetenale amaganiza za dibi, ng'ombe ndi chitopa cha nkhuku. Koma mu Blantyre ndi Lilongwe muli ena omwe dzuwa limawalowera ali pa agalu ndi amphaka. Ukawafunsa ngati ntchitoyi ikuwakomera amavomera msanga, ndipo madandaulo amayamba nkhani ikafika pa ndalama.

Pachipatala china cha ziweto mu Blantyre panafika mnyamata m'mawa, atamangirira katoni kumbuyo kwa njinga. M'katonimo munali kagalu kofiirira ka miyezi itatu, maso atalowa m'kati, nkhama zitayera, kakutsegula m'mimba zamagazi. Fungo lokha linamuuza dokotala kuti ndi parvo, matenda omwe amatha tiagalu tosabayidwa katemera. Kanali katadwala masiku anayi, ndipo kunyumba anali atakamwetsa makala osinja ndi mapiritsi a anthu. Dokotalayo, mayi wofatsa, anameta kamwendo kakutsogolo n'kuyamba kufufuza mtsempha womwe unali utaphwa. Ataupeza analumikiza dripu, n'kufunditsa kagaluko kansalu. Kenako anafotokozera mnyamatayo kuti palibe jekeseni yopha kachilombo ka parvo. Chopulumutsa ndi madzi a m'mitsempha, mankhwala oletsa kusanza, oteteza ku mabakiteriya, ndi kugonekedwa masiku angapo.

Atamva mtengo, mnyamatayo anaimbira bambo ake n'kupereka foni kwa dokotala. Bambowo anakalipa kuti ndalama imeneyo angagulire galu wina, ndipo avetenale angofuna kudyera pa chisoni cha mwana. Mayiyo sanachotse dripu. Anatsegula buku la ngongole, lomwe masamba ake ambiri anali odzaza kale.

Mkangano wagona pamenepa. Eni ziweto amati munthu kuchipatala cha boma salipira, nanga galu wolondera pakhomo adyerenji ndalama ya thumba la chimanga? Avetenale amayankha kuti katemera, mankhwala ogonetsa pa opaleshoni ndi zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa mitengo imakwera. Katemera amafuna firiji yosazima, choncho magetsi akathima jenereta imamwa mafuta. Palibe boma lowalipirira zonsezi. Bambo uja sanalakwe kudandaula za mtengo poti zinthu zathina, koma kunena kuti mayiyo ndi wadyera kunali kumulakwira. Katemera yemwe akanateteza kagaluko ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi masiku ogonekedwa.

Chopweteka koposa, malinga ndi omwe akhalitsa pantchitoyi, ndi kubaya jekeseni yopumitsa chiweto chomwe akudziwa kuti chikanachira pakanakhala ndalama. Anaphunzira kuchiritsa, koma kawirikawiri chigamulo chimachokera m'thumba la mwini wake.

Kupweteka mtima pantchitoyi si kwa kuno kokha. Kafukufuku wa ku Britain anapeza kuti mlingo wa kudzipha pakati pa madokotala a ziweto umaposa wa anthu wamba katatu kapena kanayi. Mwa zifukwa zomwe zimatchulidwa muli maola ataliatali, kugwira ntchito paokha ndi kukhala pafupi ndi mankhwala oopsa.

Komabe ambiri sasiya, ndipo nkhope zawo zimawala akamakamba za masiku a katemera wa chiwewe. M'chaka cha 2015, agalu oposa 35,000 anabayidwa mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, pofuna kufikira agalu 70 mwa 100 alionse, mlingo womwe umadula kufala kwa matendawa. Pamasiku oterowo palibe wokangana za mtengo chifukwa katemera ndi waulere. Pamizere yake, ambiri obweretsa agalu amakhala ana asukulu, ena atawamanga ndi chingwe cha thumba, ena atawafukata m'manja.