Mnzathu Akakomoka

Anzathu, tonsefe tinaonapo munthu akugwa mwadzidzidzi kumunda, kuchigayo kapena pamaliro. Timati wakomoka. Munthu amakomoka pamene magazi opita ku ubongo achepa kwa kanthawi. Akagona pansi magazi amabwerera kumutu, ndipo amatsitsimuka pasanathe mphindi 1 kapena 2.

Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chaching'ono: dzuwa, ludzu, mantha, kuimirira nthawi yaitali kapena kudzuka mofulumira. Koma nthawi zina ndi chenjezo lakuti mtima ukudwala, kapena magazi akutayikira m'kati mwa thupi.

Tichite chiyani? Timgoneke chagada pamthunzi. Tikweze miyendo yake pampando kapena pathumba. Timasule zovala zothina. Tisamwetse madzi kapena phala asanatsitsimuke, chifukwa angatsamwe. Akachedwa kutsitsimuka koma akupuma, timgoneke chammbali ndipo tipite naye msanga kuchipatala.

Kuchipatala odwala mwadzidzidzi amalandiridwa m'chipinda chotchedwa Banco de Socorros. Anamwino amayamba aona ngati wodwala akupuma bwino. Amawerenga kugunda kwa mtima; mwa munthu wamkulu amene wapumula ndi 60 mpaka 100 pa mphindi. Amayeza kuthamanga kwa magazi wodwala atagona, kenaka ataimirira. Amabaya chala kuti aone shuga, malungo ndiponso kuchepa kwa magazi. Mayi wa msinkhu wobereka amamuyeza ngati ali woyembekezera, pakuti mimba yokhala kunja kwa chiberekero imataya magazi m'kati ndipo imapha. Kumene kuli makina a ECG, amajambula kagundidwe ka mtima papepala.

Koma makina sangafotokoze zimene zinachitika kumudzi, ndipo wokomokayo sakumbukira zonse. Mboni ndife. Tsono amene anaona ndiye aperekeze wodwala. Adokotala adzafunsa: Anali kuchita chiyani? Anakhala nthawi yotani asanatsitsimuke? Kodi anadziluma lilime ndi kusokonezeka mutu nthawi yaitali? Izi zimathandiza kusiyanitsa kukomoka ndi khunyu. Tinenenso mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba, osabisa.

Tisachedwe ngati munthu wakomoka ali pakati pa ntchito yolemetsa kapena ali chigonere, ngati akumva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, ngati chimbudzi chake chili chakuda bii, ngati ndi wokalamba, kapena ngati m'banja mwake wina anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono. Otere amagonekedwa m'chipatala kapena kutumizidwa ku chipatala chachikulu, monga cha ku Tete kapena ku Lichinga. Amene wangogwa ndi dzuwa, ndipo zoyeza zonse zili bwino, amabwerera kwawo tsiku lomwelo ndi malangizo: amwe madzi okwanira, ndipo akamva chizungulire akhale kapena agone pansi msanga.

Tikambirane:
1. Chifukwa chiyani timakweza miyendo ya wokomoka?
2. Ndani ayenera kuperekeza wodwala kuchipatala?
3. Tchulani zizindikiro 3 zoopsa.